Galaja ya Pakhomo: Kuimanga Mwanzeru ndi Kuisamalira

M'mizinda ya m'chigawo chathu, monga Lilongwe, Lusaka ndi Tete, mabanja ambiri amapeza chakudya kuchokera m'kagalaja ka kuseri kwa nyumba, momwe amakonzeramo galimoto, kupala matabwa kapena kuwotcherera zitsulo. Malowa akamangidwa mwachisawawa amawonongetsa zipangizo, ndipo nthawi zina amatayitsa moyo.

Paja akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mangani m'chilimwe, pamalo okwera, ndipo kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula. Galimoto imodzi imafuna malo osachepera mamita 3 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali. Pansi thirani konkire yochindikala masentimita 10, posakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Muziithirira madzi kwa masiku 7 kuti isang'ambike.

Musaumire mazenera. Injini ya galimoto kapena ya jenereta imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha, koma umapha munthu m'chipinda chotseka. Jenereta izilirira panja nthawi zonse.

Galaja ikatha, adani ake ndi chinyezi, chiswe ndi moto. Masipanala ndi macheka muziwapukuta, kuwapaka oyilo ndi kuwapachika pakhoma kuti asachite dzimbiri. Matabwa asagone pansi. Ndowa ya mchenga ikhale pafupi ndi khomo, pakuti madzi amangofalitsa moto wa petulo. Oyilo wakutha musamutaye m'ngalande, chifukwa amalowa m'nthaka n'kuipitsa zitsime za anzanu.

Mawaya a magetsi akuikireni katswiri wovomerezeka. Ndalama yomwe mungapulumutse polumikiza nokha siingabweze nyumba ikapsa.