Phindu labisala m'malisiti omwe eni sitolo sawerenga

Pa 9 November 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America, yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Wamalonda amene sabata imeneyo adagulitsa katundu wochokera kunja potengera mtengo womwe adaodera, ankayesa wapindula. Pobwerera kokaoda, ndalama sizidakwanenso kudzaza mashelefu.

Mitengo sidaime pamenepo. Malinga ndi nthambi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office, kwa miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Pa nyengo yotere, kuyendetsa bizinesi mongoyerekeza m'mutu kumadya mpamba mwakachetechete.

Chodabwitsa n'chakuti manambala othandiza kupewa zimenezi alipo kale m'sitolo. Kuyambira 2014, bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority lakhala likulamula amalonda olembetsa msonkho wa VAT kupereka malisiti a makina. Kasitomala akalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, tsiku, ola ndi kuchuluka kwa ndalama zimalembedwa. Komatu ambiri amaona lisiti ngati chida cha wamsonkho basi, ndipo uthenga wa pafoni amaufufuta ukangochuluka.

Ena adazindikira kale kulemera kwa zolembedwazi. Ku Kenya, kampani ya Safaricom ndi banki ya Commercial Bank of Africa zidakhazikitsa ngongole za M-Shwari mu 2012, ndipo mlingo wa ngongole umachokera pa momwe munthu amagwiritsira ntchito foni yake ndi M-Pesa, popanda chikole. Ngati banki ingadziwe kukhulupirika kwa munthu pongowerenga mbiri ya malipiro ake, mwini golosale sangalephere kudziwa katundu amene akumudyetsa.

Funso loyamba lomwe manambala amayankha ndi la liwiro. Mwachitsanzo, K100,000 yoikidwa mu shuga ikhoza kubala K5,000 yokha, koma ngati shugayo akutha sabata iliyonse, pa miyezi itatu phindu lifika K65,000. K100,000 ina yoikidwa m'mapoto ikhoza kubala K30,000, ndalama yosangalatsa pokamba, koma ngati mapotowo atenga miyezi itatu kuti athe, kukwera kwa mitengo kudzakhala kutadyapo kale pafupifupi K7,000. Zikakhala kuti mpambawo ndi wangongole, chiwongoladzanja nachonso chidulapo gawo lake. Katundu amene mwini sitolo amanyadira nthawi zambiri ndi yemweyo amene wagoneka ndalama pashelefu.

Kuwerengera kotere sikufuna katswiri wa kompyuta. Kope lolembamo zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi mtengo wa lero kokaoda ndi lokwanira, ngakhale Excel kapena Google Sheets imafulumizitsa ntchito. Zikalembedwa kwa miyezi ingapo zimaonetsanso masiku amene malonda amatentha, monga kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro kapena sukulu zikamatsegulira, komanso makasitomala amene ngongole zawo zimachedwa kubwera.

Chopinga chachikulu ndi khalidwe. Amene amabisa malonda ena pothawa msonkho amadzibisiranso yekha chithunzi cha bizinesi yake, ndipo potapa ndalama ya ndiwo m'kabati osalemba, mabuku amanama. N'zoonanso kuti manambala sabweretsa ndalama zakunja zomwe zikusowa m'mabanki. Amangothandiza kusankha katundu woyenera kuthirapo madola ochepa omwe apezeka.

Palinso malire a lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Choncho sitolo yomwe ikusunga maina ndi manambala a foni a makasitomala kuti izidziwa zomwe amakonda kugula, iyenera kuwauza cholinga chake ndi kusamala kuti zisagwere m'manja mwa anthu ena.