Nyambo Imene Imakola Msodzi Isanakole Nsomba

Aliyense amene analowapo m'sitolo yogulitsa zida zowedzera nsomba ku Harare kapena ku Johannesburg akudziwa mmene mutu umazungulirira. Pakhoma pamakhala ndodo zondandalikidwa ngati mikondo, m'munsi mwake muli nyambo zochita kupanga mazanamazana, zofiira, zobiriwira, zonyezimira, zina zolira ngati maseche. Zambiri mwa izo anazikonzera nsomba imodzi, imene Angerezi amaitcha bass. Ine ndikuti nyambo zochuluka za m'sitolomo zimakola msodzi zisanakole nsomba, ndipo mnyamata amene wangoyamba kulandira malipiro, kapena mphunzitsi wofuna chochita pa tchuthi, adekhe asanamasule chikwama chake.

Tiyambe taidziwa nsombayo. Kwawo kwa bass ndi ku North America, koma anthu anainyamula nakaiika m'madzi a maiko ambiri. Ku Zimbabwe ili m'madamu aakulu monga Mutirikwi, pafupi ndi Masvingo, ndipo kuno kwathu imapezeka m'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndi nsomba yolusa, yaikulu kukamwa. Kawirikawiri sithamangitsa chakudya pamtetete monga ichitira ncheni ya m'nyanja yathu. Imabisala pansi pa chitsa, m'mbali mwa mwala kapena mumthunzi wa bango, kudikira kansomba, chule kapena nkhanu. Motero msodzi wa bass ayenera kuponya nyambo yake pamalo pomwe mbedza ikhoza kukodwa, ndipo nsomba ikameza aitulutse msanga isanakulunge ulusi pamizu. Chida chilichonse tichiyeze ndi ntchito imeneyi, mtengo wake ubwere pambuyo.

Za ndodo sindichulutsa mawu. Yotalika pafupifupi mamita awiri, yofewa kunsonga koma yolimba kutsinde, ikwanira. Ndodo za graphite, zimene zinafala m'zaka za m'ma 1970, n'zopepuka ndipo dzanja limamva ngakhale nsomba itangokhudza nyambo pang'ono, koma sizichedwa kuthyoka zikagunda mwala kapena zikapanidwa ndi chitseko. Za fibreglass n'zolemererapo, n'zotsika mtengo, ndipo zimapirira nkhanza. Munthu wopita kudamu pa njinga kapena pa basi yodzaza asachite manyazi kugula ya fibreglass yolumikiza pawiri.

Pa chokulungira ulusi, chimene amati reel, m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mitundu yake yotchuka ndi iwiri. Wa spinning umakhala kunsi kwa ndodo, ndipo poponya, ulusi umangovundukuka wokha kuchoka pa chikulungo chosazungulira. Wa baitcasting umakhala pamwamba, chikulungo chake chimazungulira, ndipo chala chachikulu chiyenera kuchiletsa nyambo isanagwe m'madzi. Chala chikachedwa, chikulungocho chimapitirira kuzungulira ulusi utaima, ndiye ulusi wonse umasanduka mulu wa mfundo. Akatswiri a mipikisano ya ku America amakonda mtundu wachiwiriwu chifukwa umanyamula ulusi wokhuthala ndi nyambo zolemera, ndipo wophunzira akawaona pazithunzi amayesa kuti nsomba zili m'chidacho. Ndinaonapo mnzanga wina atakhala pagombe mmawa wonse akumasula mfundo, pamene kamwana ka m'mudzi kokhala ndi nsungwi ndi nyongolotsi kanali katavuula kale ndiwo. Woyamba kumene agule wa spinning wa msinkhu wapakatikati. Asanalipire amange ulusi n'kuukoka ndi dzanja, aone ngati choletsa chake chikuumasula mosalala. Chikamagwiragwira, tsiku la nsomba yaikulu ulusi udzaduka.

Tsono nyambo. Mbiri ya nyambo zotchuka ikutsutsa amalonda. M'chaka cha 1936, msodzi wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anaona kuti nsomba zolusa zikalowa m'gulu la tinsomba zimasankha kamene kakusambira mopunduka. Anasema kansomba ndi mpeni, nakakuta ndi pepala lonyezimira, nakasemanso mpaka kanayamba kugwedezeka ngati kovulala. M'chaka cha 1949, Nick Creme wa ku Akron, m'chigawo cha Ohio, anaumba nyongolotsi ya pulasitiki yofewa m'nyumba mwake. Anthu awiriwa anayamba ayang'anitsitsa m'madzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zimene anapanga zikugwirabe nsomba lero lino.

Kwa ine nyambo zitatu n'zokwana. Yoyamba ndi nyongolotsi ya pulasitiki ija, yobisa nsonga ya mbedza m'thupi mwake monga amachitira asodzi a ku Texas, kotero kuti imadutsa m'zitsa ndi m'udzu osakodwa. Imafuna kuikoka pang'onopang'ono, kuiimitsa, kuinyamulanso, ndipo ndiyo yotsika mtengo pa zonse. Yachiwiri ndi spinnerbait, ya tizitsulo tozungulira timene timanyezimira ndi kutekesa madzi. Imathandiza m'nyengo ya mvula madzi akada, nsomba ikamadalira kumva koposa kuona. Yachitatu ndi kansomba koyandama, koponya mbandakucha kapena dzuwa likamalowa, pamene bass imakwera kudzadya pamwamba. Za mitundu musavutike nazo: m'madzi oyera, wofanana ndi tinsomba ta m'damumo, m'madzi amatope, wakuda kapena wowala kwambiri.

Wina adzati kodi zida zodula zilibe ubwino? Ulipo, sindikana, zimakhalitsa ndipo sizitopetsa mkono. Koma taonani. Pa 2 June 1932, mlimi wachinyamata George Perry anawedza bass yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, ndiwo makilogalamu khumi, m'nyanja yaing'ono ya Montgomery ku Georgia. Inali nthawi ya umphawi waukulu ku America, ndipo ataiyeza pasikelo anapita nayo kwawo banja nkudya. Panapita zaka 77, mafakitale akutulutsa zida zatsopano chaka ndi chaka, kufikira 2009 pamene Manabu Kurita analingana naye pa nyanja ya Biwa ku Japan. Iyeyu anagwiritsa ntchito nyambo ya kansomba kamoyo.

Apa ndipatuke pang'ono, popeza aphunzitsi akuwerenga. Kulusa kumene kumakometsa bass pambedza n'komwenso kumaononga ikaikidwa m'madzi a eni ake. Anaiika m'nyanja ya Atitlán ku Guatemala mu 1958, ndipo inathandiza kutha kwa mbalame ina ya m'madzi yomwe sinkapezeka kwina kulikonse. Wina asayerekeze kuinyamula m'ndowa kukaitaya mumtsinje wolowera ku nyanja ya chambo.

Ndalama yotsala pa ndodo ipite ku ulusi ndi mbedza, zinthu zimene ambiri amazinyoza. Ulusi wa nayiloni wopirira makilogalamu asanu ukwanira madamu athu, koma dzuwa limaufooketsa, choncho usungidwe mumthunzi ndipo usinthidwe chaka chikatha. Ukakhula pachitsa, upapaseni ndi zala mita yomalizira. Pokhakhala paliponse dulani, mumangenso. Mbedza iyeseni pa chikhadabo: ikaterereka osakanda, inoleni pa kamwala musanaponyenso.