Mabuleki sakana okha

Galimoto ikagubuduka pamtsetse, mawu amene amamveka amakhala amodzimodzi: mabuleki anakana. Dalaivala akapulumuka amanena zomwezo, ndipo kusiwa anthu amangopukusa mitu n'kumati linali tsiku lawo. Ena amafika poloza chala agogo akumudzi kuti ndiwo atchera msampha. Funso loti mabulekiwo anakaniranji silifunsidwa kawirikawiri, chonsecho yankho lake ngakhale makaniko wa pansi pa mtengo amalidziwa.

Malo oopsa ndi odziwika kale. Pali mtsetse wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, wa Khwekhwerere pamsewu wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, komanso wotsikira ku Chikwawa pochokera ku Blantyre. M'malo amenewa dalaivala akamangodalira kuponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi, zitsulo ndi mapadi zimatentha kwambiri mwakuti zimasiya kugwira. Fungo la chinthu chopserera limene apaulendo amalimva ali chete m'minibasi ndilo chenjezo lake.

Vuto lina, lomwe eni galimoto ambiri salilabadira, ndi la mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyontho pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza mpweya, ndipo dalaivala akaponda phazi limangolowa mpaka pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake ambiri opanga galimoto amalangiza kuti mafutawa azikhuthulidwa ndi kuikamo ena pakatha pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Nanga ndi ma Sienta angati, ma Probox angati, amene chifikireni m'dziko muno kuchokera ku Japan sanasinthidwepo mafutawa? Ambiri amangowonjezera akaona kuti atsika, osafunsa n'komwe kuti akutayikira pati.

Zina zimene zimachitika m'magalaja ena n'zoimitsa mutu. Paipi ya buleki ikayamba kudontha, m'malo mogula ina, amangoifinya kapena kuitseka ndi msomali, galimoto n'kubwerera pamsewu ili ndi tayala limodzi lopanda buleki. Yotereyo imanyamula amayi opita kukaoda tomato ndi ana obwerera kusukulu.

Kenaka pali khalidwe lochotsa giya pamtsetse, mwinanso kuzimitsa injini kumene, ati kupulumutsa mafuta. Injini ikakhala m'giya yotsika imathandiza kuigwira galimoto, ndipo mabuleki amapumako. Ikazimitsidwa, mphamvu yothandizira buleki imatha dalaivala akangoponda kangapo, ndipo pa malole akuluakulu makina opopa mphepo ya mabuleki nawo amaima. Mafuta opulumutsidwa pamenepo sangakwane n'komwe kugulira bokosi limodzi la maliro.

Sikuti madalaivala onse amachita izi mwaumbuli. Ambiri amauzidwa ndi bwana ndalama yoti abweretse madzulo, zivute zitani, ndipo amene wadandaula za mapadi amauzidwa kuti ofuna ntchito alipo ambiri panja. Mitengo ya zipangizo nayo yakwera, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zonsezi n'zoona. Koma mwini lole ya matani atatu amadziwa bwino kuti imayenera kunyamula matumba 60 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo akalola kuti apachikepo 90, pamwamba pake n'kukhalanso anthu, ndiye kuti wawasenzetsa mabuleki ntchito imene sanapangidwire.

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto ikhale yoyenera kuyenda, ndipo chiphaso cha COF chimayenera kukhala umboni wake. Tsoka lake, chiphasocho chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Alipo ena amene amabwereka matayala abwino tsiku limenelo, mawa lake n'kubwezeretsa akutha aja. Apolisi apamsewu nawonso nthawi zambiri amathera pa mapepala omatidwa pagalasi. Kungakhale kwanzeru kuti nthambi yoona za pamsewu pamodzi ndi apolisi aziima pamwamba pa mitsetse yodziwikayi, kumene angayese buleki, kuona katundu ndi kutsitsa wopyola muyeso galimoto isanayambe kutsika.

Apaulendo nawo ali ndi maso ndi mphuno. Dalaivala akamapopa buleki kawiri katatu kuti aime pasiteji, galimoto ikamakokera mbali imodzi poima, kapena kondakitala akamathamangira mwala woika kutayala paliponse pamene aima, galimotoyo ikudwala. Kutsika pamenepo n'kudikira ina kumapweteka, makamaka ndalama itaperekedwa kale ndipo dzuwa likupendeka, koma ndi bwino kutsikira pa Masasa kusiyana n'kukayesera mabuleki otero pa Khwekhwerere.