Denga la chitsulo lisatchipe chifukwa chopyapyala

Alimi anzanga, nyengo yokolola ikadutsa ndipo ndalama ya mpunga ndi thonje ikalowa m'thumba, makalabu ambiri kuno ku Chipoka amayamba kukamba zomanga shedi yosungiramo mbewu kapena nyumba ya chigayo. Za njerwa ndi simenti sitikangana. Mkangano umabuka tikafika pa denga: ena ati matabwa, ena ati chitsulo. Ine ndili kumbali ya chitsulo, koma osati paliponse, ndiponso osati chitsulo chomwe ndikuchiona pa madenga ena m'mbali mwa msewu wa M5.

Nyumba yogona ya zipinda zing'onozing'ono siisowa chitsulo ayi. Makoma apakati amanyamula denga, ndipo bulugama wokhwima wothiridwa mankhwala a chiswe amakwana. Koma shedi ilibe makoma apakati. Mtanda uyenera kuchoka khoma ili kukafika khoma lina, mamita 6, 8 kapena 10, popanda poutsamira. Matabwa aatali, owongoka ndi ouma bwino akusowa masiku ano, poti nkhalango ya Chikangawa yomwe tinkadalira inaphwasuka ndi moto komanso macheka. Paini wamuwisi amapindika akamauma ali padenga, ndipo za chiswe cha kuno kunyanja sindingakuuzeni, mumachidziwa nokha.

Vuto la chitsulo ndi mtengo. Chambiri chimachokera kunja, makamaka ku South Africa, choncho kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unakwera nthawi yomweyo. Apa ndi pomwe anthu akulakwitsa. Pofuna kupulumutsa ndalama, akugula machubu opyapyala, n'kuwagoneka amodziamodzi pakati pa makoma ngati mapaso. Ndalama yapulumukadi tsiku logula, koma pakutha pa chaka denga layamba kale kulendewera pakati.

Njira yopulumutsira ndalama ili pa kapangidwe. Tengani thabwa la 2 by 6, muligoneke chafufumimba pa njerwa ziwiri n'kuimapo: lipindika. Liimikeni cham'mbali: thabwa lomwelo linyamula katundu wochuluka katatu, ndipo kupindika kwake kuchepa kasanu n'kanayi. Simunaonjezepo mtengo, mwangoonjeza kuya kwa mtandawo. Mtanda ukalemedwa, mbali ya pamwamba imapanikizika, ya pansi imakokeka, pamene pakatipo pamagwira ntchito yochepa. Ndiye amisiri a zomangamanga anati, tilipirirenji chitsulo chapakati chomwe chikungokhala? Anaika chitsulo chimodzi pamwamba, china pansi, n'kuzilumikiza ndi tizitsulo topingasa ngati mano a sowo. Ku America mitanda yotere anayamba kuipanga m'mafakitale mu 1923, ndipo mu 1928 anakhazikitsa bungwe loona za miyezo yake lotchedwa Steel Joist Institute. Nzeru yomweyi ndi imene ili pa mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi, womwe unatha kumangidwa mu 1935, chaka chimene njanji yodutsa pano pa Chipoka inafika ku Salima. Ngati tizitsulo topingasa tinganyamule sitima, malata angatikanike bwanji?

Muyeso wosavuta kuukumbukira ndi uwu: kuya kwa mtanda kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a kutalika kwake. Shedi ya mamita 6 ifuna mtanda wakuya masentimita 30, ya mamita 10 masentimita 50. Wowotcherera akakubweretserani mtanda wa mamita 8 wakuya ngati chikhatho, mubwezeni, ngakhale akhale mlamu wanu.

Dziwaninso kuti kutambalala kwa nyumba ndi kumene kumadya ndalama. Mukawirikiza kawiri mpata wa pakati pa makoma, mphamvu yofuna kuthyola mtanda siiwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi. Choncho shedi yaitali koma yopapatiza imatchipa kuposa yotambalala, ngakhale matumba olowamo akhale ofanana. Ndipo mzati umodzi pakati umatsitsa mphamvu ija kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ena amakana mzati ati ukuipitsa nyumba. Iyi si holo ya ukwati, abale anga, ndi mosungira chimanga, ndipo matumba sadandaula kuyandikana ndi mzati.

Machubu ndi angle iron amagulitsidwa m'mautali a mamita 6. Muyeze nyumba molingana ndi utali umenewu musanakumbe maziko, chifukwa shedi ya mamita 6 ndi theka idzakugulitsani chitsulo china chathunthu kaamba ka kachidutswa kochepa, ndipo polumikizapo ndi pomwe pamayambira kufooka.

Nkhani ya kukhuthala ndiyo imandipweteka kwambiri. Machubu awiri atha kuoneka ofanana kunja, wina khungu lake lili mamilimita 1.6, wina 1.2. Wachiwiriyu waperewera gawo limodzi mwa magawo anayi a chitsulo, amabooka msanga powotcherera, ndipo dzimbiri silichedwa kumumaliza. Ife alimi timadziwa kulondera sikelo ya vendala pogulitsa mtedza. Nanga pogula chitsulo timangoyang'ana ndi maso bwanji? Ikani pa sikelo machubu a masitolo awiri, wopepukayo ndiye wopyapyala. Malatanso n'chimodzimodzi: nambala ya geji ikamakwera, lata likupyapyala, moti la 32 silingafanane ndi la 28.

Kuno kwathu denga siligwa kawirikawiri ndi kulemera, limapita ndi mphepo. Mwera umaomba kuchokera kunyanja miyezi yozizira, ndipo mkuntho wa mvula zoyamba umasasula madenga a masukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka. Mphepo imakokera denga m'mwamba, ndiye chitsulo cha pansi chija, chomwe chinazolowera kukokeka, chimayamba kupanikizika n'kukhotera kumbali. N'chifukwa chake mitanda iyenera kumangiriridwa wina ndi mnzake ndi tizitsulo todutsa pansi pake, komanso kuwotchereredwa ku zitsulo zozikika mu bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse pamwamba pa khoma. Kukulunga waya pa mizere iwiri ya njerwa si kumanga; denga lidzanyamuka pamodzi ndi njerwazo. Bimu imeneyi ili ndi ntchito inanso. Amene analipo mu March 1989 akukumbukira chivomezi chomwe chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino la Salima, ndipo bimu ndiyo imagwira makoma kuti asatayane nthaka ikagwedezeka.

Pentini yofiira yoteteza dzimbiri ipakidwe mitanda ikadali pansi, ndipo kumapeto kwa machubu kutsekedwe kuti madzi ndi mavu asalowemo. Feteleza amadya chitsulo, choncho asaunjikidwe mpaka kudenga kapena kutsamira mizati. Ndipo mtanda wa denga unapangidwira malata, si popachika matumba a mbewu kapena injini ya chigayo pomwe mukuikonza.

Owotcherera athu sindikuwanyoza. Manja ali nawo, chomwe alibe ndi chojambula chowerengedwa ndi injiniya, ndipo kalabu ya alimi singakwanitse kulipira injiniya payokha. Pempho langa likupita ku khonsolo ya Salima, ku TEVETA ndi ku Salima Technical College ku Senga Bay: tijambulireni mitanda itatu yokha, ya mamita 6, 8 ndi 10, yosonyeza kukula ndi kukhuthala kwa chitsulo chilichonse, kutalikirana kwa mitanda ndi kamangiriridwe kake ku bimu. Mapepalawo aperekedwe kwa alangizi a zaulimi ndi kumatidwa pa ofesi ya Mfumu Yaikulu Ndindi, kuti komiti ya kalabu ikamapita kwa wowotcherera izikhala nalo pepala m'manja, ndipo ntchito ikatha iziyeza ndi tepi isanapereke ndalama yomaliza.