Holden Caulfield ndi Namfedwa

Chitulukireni buku la The Catcher in the Rye mu 1951, owerenga ambiri akhala akumuweruza Holden Caulfield ngati mwana wopanda mwambo: amatukwana, amanama, anachotsedwa sukulu. Ku America masukulu ena mpaka analiletsa bukuli. Chiweruzo chimenechi ndi chaulesi. J.D. Salinger sanabise chilonda cha mnyamatayu. Holden ali ndi zaka 13, mng'ono wake Allie anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Usiku womwewo Holden anaswa mawindo a galaja ndi chibakera, ndipo maliro anaikidwa iye ali m'chipatala. Sanaperekeze mng'ono wake kumanda. Wowerenga amene amatola matukwano okha n'kulumpha imfayi akubwereza cholakwa cha aphunzitsi ake, Spencer ndi Antolini, omwe anamulangiza kwambiri koma osamupepesa.