NCHITO ZA MANJA PA BANJA: Galimoto ya Rimoti Yopangira Pakhomo

Mwezi wa Disembala ukayandikira, masitolo a mu Lusaka, Chipata ndi matauni ena amadzaza ndi timagalimoto toyendera rimoti, ndipo ana sapatsa makolo mpata wopuma. Ambiri a ife tidziwa mmene nkhaniyi imathera. Bambo amagula kagalimoto kochipa ndi ndalama zimene zikadagula nsapato za sukulu mu Januwale. Mwana amasewera nako masiku owerengeka, kenaka wilo limathyoka kapena magiya amadyeka, ndipo kagalimotoko kamakagona kunsi kwa bedi. Mwezi uno tifuna kuonetsa njira ina. Galimoto ya rimoti ingapangidwe pakhomo ndi ndalama zocepa, malinga ngati tigula cokhaco cimene manja sangapange, ndi kudzipangira zotsalazo.

Tiyambe ndi cuma cimene tili naco kale. Mwana aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya, ya ciongolero cacitali cofika m'ciuno, adziwa kale theka la nchitoyi. Adziwa kupinda thupi lolimba, kuika mawilo kuti azungulire mosagwedera, ndi kulumikiza mawilo akutsogolo kuti akhotere pamodzi. Zimene asowa ndi zitatu cabe: mota yoyendetsa mawilo, batire yopatsa motayo mphamvu, ndi kawailesi kolowa m'malo mwa ciongolero cija.

Nzeru yolamulira cinthu uli patali si yatsopano ai. Mu 1898, Nikola Tesla anaonetsa anthu ku Madison Square Garden mu New York kabwato koyendetsedwa ndi mafunde a wailesi. Timagalimoto totere tinayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1976 kampani ya Tamiya ya ku Japan inatulutsa Porsche 934 yaing'ono, imene wogula ankaimanga yekha cidutswa ndi cidutswa. Kacitidwe kake n'kosavuta kumva. Rimoti imene ili m'manja imatumiza uthenga. Kabolodi kamene kali m'galimoto kamaulandira, ndi kutsegulira magetsi a batire kuti apite ku mota. Magetsiwo akatembenuzidwa, mota imazungulira cobwerera, ndipo galimoto imayenda cam'mbuyo.

Kopeza zipangizo

Kawailesi ndiko cinthu cimene sitingapange ndi waya ndi mpeni. Njira yochipa koposa yokapezera ndiyo kufunafuna kagalimoto kakufa, kwa abale, kwa anansi, kapena kwa ogulitsa zinthu zakale pamsika. Kawirikawiri comwe cimafa ndi mawilo ndi magiya a pulasitiki, pamene kabolodi ndi rimoti zikali zamoyo. Musanapereke ndalama, ikani mabatire atsopano, dinani rimoti, ndi kumvetsera ngati mota ilira. Onetsetsani kuti rimoti ndi kabolodi ndi za galimoto imodzi. Zambiri zakale zinalembedwa 27 MHz kapena 40 MHz, ndipo magalimoto awiri a nambala yofanana amasokonezana akamayenda pabwalo limodzi. Zatsopano za 2.4 GHz zilibe bvutoli, cifukwa rimoti iliyonse imamvana ndi kabolodi kake kokha.

Timamota timapezeka m'makina akufa oonetsera ma DVD, m'mapulinta, ndi m'mawailesi akale a makaseti. Wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika amakhala nato tambiri m'katoni, ndiponso ali ndi kansimbi koocherera mawaya. Pitani kwa iye pamodzi ndi mwana, kuti aone ndi maso ake mmene mtovu umasungunukira ndi kugwira waya. Amene wagwira mtovu asambe m'manja asanadye, pakuti ndi poizoni.

Apa tiyenera kunena mau amodzi mosabisa. Waya wa pa mpanda wa mnansi, wa pasukulu, kapena wa magetsi a mumsewu, si wotola. Kuudula ndi kuba, ndipo wa magetsi umapha. Kholo lifunse kumene cipangizo ciliconse cacokera cisanalowe m'nyumba.

Kumanga tsinde ndi mawilo

Tsinde la galimoto likhale kathabwa kopepuka kapena pulasitiki yolimba yodulidwa ku ndowa yosweka, masentimita 30 m'litali ndi 15 m'lifupi. Sipoko ya njinga imakhala ekiselo yabwino, ndipo ikalowetsedwa m'cikhungwa ca bolopeni yakutha, imazungulira mosakhulana ndi thabwa. Mawilo angacokere ku zitini za polishi, ku zivundikiro zazikulu za mabotolo, kapena ku mapatapata akale odulidwa mozungulira. Kuwakulunga ndi mphira ya chubu ya njinga kumacititsa kuti agwire nthaka.

Pali malamulo awiri amene sayenera kuphwanyidwa. Loyamba, bowo la wilo likhale pakati penipeni, ndipo maekiselo awiriwo asapendekere. Mukalakwitsa apa, galimoto idzayenda motsimphina ndi kukokera mbali imodzi masiku ake onse. Yesani ndi rula kawiri musanaboole. Laciwiri, zolemera zonse, makamaka mabatire, zikhale pansi ndiponso pakati. Galimoto yolemera pamwamba imagubuduzika pokhota, monga lole yopakiridwa matumba a cimanga mopyola muyeso. Musanaike mota, kankhani tsindelo pasimenti. Likayenda molunjika ndi kufika patali, nchito yakhala bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mota ndi magiya

Ana ambiri amalumikiza mota ku wilo mwacindunji, ndi kudabwa poona kuti mawilo azungulira m'mwamba koma galimoto ikana kuyenda ikaikidwa pansi. Cifukwa cake n'cakuti kamota kamathamanga kwambiri koma mphamvu yake yokoka ndi yocepa. Magiya ndiwo amasinthanitsa liwiro ndi mphamvu. Aliyense amene anakwerapo citunda pa njinga ya magiya adziwa zimenezi m'miyendo mwake.

Tiyerekeze kuti mota izungulira nthawi 10,000 pa mphindi imodzi. Tikaika giya ya mano 10 pa mota ndi ya mano 100 pa ekiselo, wilo lidzazungulira nthawi 1,000 pa mphindi, koma ndi mphamvu yokoka pafupifupi kakhumi. Wilo la masentimita 6 m'mimba mwake limayenda pafupifupi masentimita 19 likazungulira kamodzi. Cotero galimotoyo idzayenda mamita 190 pa mphindi, ndiko kuti pafupifupi makilomita 11 pa ola, liwiro la munthu wothamanga. Mwana amene wawerengera zimenezi pa galimoto yake sadzafunsanso kuti masamu a kusukulu ali ndi nchito yanji. Magiya akasowa, lamba wa mphira wocokera pa kawilo kakang'ono ka pa mota kupita pa wilo lalikulu la pa ekiselo amagwira nchito yomweyo.

Za kukhota, timagalimoto tochipa tili ndi mota yaciwiri imene imakankhira mawilo kumanzere kapena kumanja mpaka kumapeto, popanda pakati. Imeneyi ndi yokwanira poyamba. Amene afuna kukhota pang'onopang'ono monga galimoto yeniyeni adzasowa kacipangizo kochedwa servo, pamodzi ndi rimoti yogwirizana nako. Yang'anitsitsani minibasi ikamakhota: wilo la mkati limapindika kuposa la kunja, cifukwa liyenda pa bwalo laling'ono. Kamangidwe kameneka kadziwika ndi dzina la Rudolph Ackermann, amene anakalembetsa ku England mu 1818. Kuti mukatsanzire, timikono tokhotetsera mawilo tipendekere mkati, tiloze pakati pa ekiselo ya kumbuyo.

Cenjezo pa mabatire

Mabatire otaya akatha ndiwo amadya ndalama zambiri m'kupita kwa miyezi, cotero ochajanso ndiwo abwino. Koma werengani coyamba zimene kabolodi kamafuna. Batire wamba ya AA ili ndi mavoliti 1.5, ndipo yochajanso ya NiMH ili ndi 1.2. Kabolodi kamene kankadya mabatire atatu kamafuna mavoliti 4.5, ndipo kangayende bwino ndi batire imodzi ya 18650, yofanana ndi imene imakhala m'matochi ochaja ndi m'makompyuta a m'manja, imene imafika pa 4.2 ikadzaza. Mukalumikiza ziwiri motsatana, zimafika pa 8.4, ndipo kabolodiko kangapse nthawi yomweyo.

Walira mvula walira matope. Mabatire a lithium ali ndi mphamvu zambiri, ndipo akaboyoka, akatentha, kapena mawaya ake awiri akakhudzana, amayaka moto wobvuta kuzima. Achajidwe ndi kacipangizo kake koyenera, monga kochedwa TP4056, pasimenti, kutali ndi matiresi, makatani ndi mbaula, munthu wamkulu ali pomwepo. Batire yotupa, ya dzimbiri kapena yoduka cikopa isagwiritsidwe nchito, ndiponso isaponyedwe pamoto. Timabatire tating'ono tonga mabatani tibisidwe kwa makanda. Mwana akameza kamodzi, thamangirani naye ku cipatala osadikira. Ndipo magetsi a m'nyumba a mavoliti 230 asayandikire nchito imeneyi konse, kupatula chaja yogula kusitolo.

Kuikongoletsa

Galimoto ikayamba kuyenda, ndi pamene mwini wake amaipatsa nkhope. Thupi lingakhale la mawaya monga kale, la zitini, kapena la cigubu ca mafuta ophikira. Wina adzafuna minibasi yolembedwa mau kumbuyo, wina ambulansi, wina thilakitala yokoka ngolo. Thupilo limangidwe ndi mphira kapena timisomali tomasula, kuti licotsedwe pokonza za mkati. Nyali zingacokere ku tochi yakufa, koma kanyali ka LED kamafuna resistor, monga ya 220 ohm, kuti kasapse. Popeza mabwalo athu ambiri ndi a fumbi ndi miyala, ikani mawilo okulirapo, kwezani tsinde masentimita atatu kapena anai, ndipo phimbani kabolodi ndi magiya kuti mcenga ndi madzi zisalowe. Kumbukirani kuti cokongoletsa ciliconse ndi katundu amene mota iyenera kukoka. Sinthani cinthu cimodzi pa nthawi, muyese, ndi kulemba m'kabuku zimene mwapeza.

Ana a ku sekondale angapite patsogolo. Kabolodi ka ESP32 kali ndi Bluetooth ndi Wi-Fi mkati mwake, ndipo kakalumikizidwa ndi kena koyendetsa mota, monga L298N, foni ya m'manja imasanduka rimoti. Pamenepo mwana amayamba kulemba yekha malamulo a kompyuta. Makalabu a JETS, amene anayamba m'Zambia mu 1968 kuti alimbikitse ana a sukulu pa sayansi ndi luso la manja, ndiwo malo oyenera kukaonetsa nchito yotere. Funsani aphunzitsi a sayansi ngati kalabu yotero ilipo pasukulu ya mwana wanu.

Mau kwa makolo

Gulani motsatana, osati zonse tsiku limodzi. Tsinde ndi mawilo sizifuna ngakhale ngwee. Mwana akazimaliza bwino, m'pezereni mota, ikayenda, mabatire ochajanso, pomalizira, kawailesi. Mwa njira imeneyi ndalama sizitayika ngati cidwi cake catha panjira, ndipo iye amaphunzira kudikira. Mabanja awiri kapena atatu angathenso kusonkherana chaja imodzi ndi kansimbi koocherera kamodzi.

Tipemphanso zinthu ziwiri. Atsikana asauzidwe kuti iyi ndi nchito ya anyamata; apatseni pulayala nawonso, ndipo nchito za pakhomo zigawidwe kuti nthawi ipezeke kwa onse. Ndipo inu atate ndi amalume, musalande nchito m'manja mwa mwana. Dulani zofuna mpeni wakuthwa, yang'anirani mabatire, funsani mafunso, koma kumanga kukhale kwake. Galimoto ya mwana wanu idzaonongeka ndithu, mwina pa tsiku loyamba lomwe. Koma popeza waya uliwonse anauika yekha, adzadziwa potsegula ndi poyang'ana, ndipo madzulo idzakhala ikuyendanso. Luso limenelo adzakula nalo, ndipo tsiku lina lidzakonza njinga, pampu ya madzi kapena sola ya pakhomo panu.

Amene mwayesa, tilembereni kuti tidziwe zipangizo zimene mwapeza kwanuko ndi mabvuto amene mwakumana nawo, kuti mabanja ena aphunzirepo.