Njovu ya Mlendo Ndi Yomweyo ya Mlimi

Chilimwe chikafika pachimake, mtsinje wa Luangwa kum'mawa kwa Zambia umaphwera ndipo nyama zimasonkhana pamadzi otsala. Imeneyi ndiyo nyengo imene alendo amathamangira ku Mfuwe kukaona mvuu, njati, anyalugwe ndi mtundu wa kadyamsonga wopezeka m'chigwa chokhachi. Amalipira ndalama zambiri kuti ajambule njovu. Koma dzinja likadza, njovu yomweyo imalowa m'munda usiku n'kutha chimanga chimene banja limayembekezera kudya chaka chonse. Kodi mlimi ameneyu tingamuuze bwanji kuti nyama ndi chuma?

Funsoli si lachilendo. M'chaka cha 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lake kukhala losungirako nyama. Pamalopo panamangidwa msasa wa alendo, ndipo ndalama zake zinkapita kwa eni dera. Carr ndiye anatchukitsanso maulendo oonera nyama poyenda pansi. Nkhalango ya South Luangwa, yokula makilomita 9,050 mbali zonse, inakhazikitsidwa ngati paki mu 1972. Choncho ntchito yokopa alendo m'chigwachi inayamba ndi pangano: mudzi usunge nyama, nyama nazo zipindulitse mudzi.

Panganoli likaiwalika, misampha imachuluka. Munthu wanjala salabadira lamulo. N'chifukwa chake bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, linasankha kugula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi amene avomera kupereka mfuti ndi misampha yawo komanso kulima mosamalira nthaka. Msika wodalirika umateteza nyama mwa njira imene ndende siingathe.

Komabe msika sutchinga munda. Njovu yaikulu imadya chakudya cholemera makilogalamu pafupifupi 150 patsiku, motero kuiimbira zitini sikukwanira. Njira zimene zathandiza alimi n'zosafuna ndalama zambiri. Njovu imadana ndi tsabola: ena amamusinja n'kumusakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto, n'kupaka pa zingwe ndi nsanza zozungulira munda, ena amamuumba pamodzi ndi ndowe za njovu n'kufukiza usiku. Kafukufuku wa Lucy King ku Kenya anaonetsanso kuti njovu imaopa njuchi, kotero ming'oma yolumikizidwa ndi waya m'malire a munda imatchinjiriza mbewu, ikuperekanso uchi. Zokolola nazo zisungidwe m'nkhokwe zanjerwa zomata bwino, pakuti yansungwi njovu imangoigumula. Njirazi zimagwira bwino minda ikayandikana ndipo alimi akamalondera mosinthana.

Chotsala ndi ndalama. Lamulo la nyama zakuthengo la Zambia la 1998 linakhazikitsa makomiti a m'madera otchedwa Community Resources Board, ndipo la 2015 linawasunga. Makomitiwa amalandira gawo la ndalama zochokera ku nyama, makamaka za ziphaso zosakira. Inu alangizi, thandizani anthu kufunsa poyera: zalowa zingati, ndipo zagwira ntchito yanji? Lembaninso munda uliwonse woonongeka, tsiku lake ndi kukula kwake, chifukwa dandaulo lolembedwa ndi lovuta kulikana.

Zimenezi zikukhudzanso alimi a ku Liwonde, Kasungu ndi Gorongosa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msonkhano wa komiti ukaitanidwa, mlimi asatsalire kumunda.